Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Tsiku Limene Makina a Bambo Anakwezedwa M'galimoto

M'gawo lapitali ndinalekezera pa maliro a bambo. Tinawaika kwawo ku Ntcheu mu June 2004, kukuzizira koopsa, ine ndili ndi zaka 15. Lero ndinene zomwe zinachitika titabwerera ku Ndirande.

Bambo anali telala. Chuma chawo chinali makina awiri osokera a Singer, njinga, wailesi, mipando ya pabalaza ndi nyumba ya zipinda zitatu. Malata a nyumbayo anagulidwa ndi ndalama za mandasi a amayi, limodzilimodzi, kwa zaka zinayi.

Patangotha masabata awiri chimetereni, kunja kunaima galimoto ya pikiapu. Anatsika abambo aang'ono ndi asuweni anga awiri, ana a azakhali. Amayi anawayalira mphasa, kuwaphikira tiyi, poganiza kuti abwera kudzationa. Tiyi asanazizire, abambo aang'ono anayamba.

"Mlamu, ife tabwera kudzatenga katundu wa m'bale wathu. Anawa ndi mbumba ya kwanu, amalume awo aliko. Koma thukuta la malemu ndi la kwathu."

Amayi anagwada. "Alamu, chonde siyaniko makina amodzi okha, ana azidyerapo. Mnyamatayu kusoka akudziwa kale."

Palibe anawayankha. Ndinaona asuweni anga, anthu omwe tinkadya nawo m'mbale imodzi pa holide, akunyamula makina aja wina kumutu wina kumiyendo. Anatenga ngakhale tepi yoyezera imene bambo ankaikoleka m'khosi. Atapita, pakhonde panatsala timaenje tinayi pa simenti pomwe miyendo ya makina inkaponda. Amayi ankasesa pamenepo m'mawa uliwonse osalankhula kanthu. Nyumba inapulumuka chifukwa amfumu a m'dera lathu ndi akuluakulu a mpingo anaimirira nafe. Ine ndinakhala chaka chathunthu pakhomo, Fomu 2 itaima, fizi palibe.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti bambo ankadziwa kulemba bwino. Miyezo ya makasitomala onse inali m'kabuku, mwadongosolo. Koma amayi akatchula za wilo, iwo ankati, "Mukufuna kundiitanira imfa kodi?" Pepala limodzi lokha likanatiteteza. Lamulo la nthawiyo, la 1967, linkati munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chigawidwe, china kwa mkazi ndi ana, china kwa achibale olowa chuma mwa mwambo. Achibale ambiri ankangomva mbali yawo yokhayo, n'kukokolola zonse.

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, Deceased Estates Act. Tsopano oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo, ana, ndi ena omwe malemu ankawasamalira. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi kapena mwamuna wamasiyeyo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu amakalowa nawo kundende. Ndipo palibe amene ayenera kugawa katundu asanalandire chilolezo cha khoti. Tsiku lomwe ndinamva zimenezi pa wailesi ndinalira, chifukwa kwa ife zinabwera madzi atatayika kale.

Mwana wanga woyamba atabadwa mu 2018, ndinalemba wilo yanga. Ndinalibe zambiri: puloti ku Chileka, makina atatu osokera ndi kandalama ka kubanki. Ndinasaina pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zinasaina ine ndikuona. Ndinkafuna amayi akhale mboni, koma loya anandiuza kuti munthu wolandira nawo chuma sayenera kuchitira umboni, ndipo dzina la amayi linali pa mzere wachiwiri.

Madzulo ake ndinapita ku Ndirande kukawawerengera. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachifuwa. Kenako anafunsa, "Makinawo walemba kuti atenge ndani?" Ndinawauza kuti amodzi ndi awo. Anadzuka n'kulowa kuchipinda, ndipo anatenga nthawi asanatuluke.

M'gawo lotsatira ndidzanena momwe ndinabwererera kusukulu, ndi za tsiku limene abambo aang'ono aja anadzagogoda pakhomo panga akudwala.