Mulungu akapanda kufupikitsa zaka

Pali vesi limodzi limene akhristu timakonda kutumizirana wina akagwa m'mavuto, la Yeremiya 29:11, pamene Mulungu akunena kuti zimene akulingalira pa anthu ake ndi zamtendere osati zoipa. Vesili ndimalikonda, koma chimandidandaulitsa n'chakuti timalizula pamalo pake, ndipo tikatero limamveka ngati lonjezo lakuti mavuto atha mawa lomwe. Chikhalirecho vesi la 10, limene lili pamwamba pake penipeni, likunena za zaka 70 za ukapolo ku Babulo.

Amene analandira mawuwa anali Ayuda amene Nebukadinezara, mfumu ya Babulo, anawatengera kudziko lake m'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, pamodzi ndi mfumu yawo Yekoniya, nduna zake ndi amisiri. Patangopita zaka zochepa, mneneri wina wa ku Gibeoni, dzina lake Hananiya, anaimirira m'Nyumba ya Mulungu pamaso pa ansembe ndi anthu onse n'kulengeza kuti pasanathe zaka ziwiri ziwiya za m'Kachisi, mfumu ndi akapolo onse adzakhala atabwerera. Pofuna kuti anthu aone ndi maso, anachotsa goli lamtengo limene Yeremiya anavala m'khosi n'kulithyola. Sindiwadzudzula amene anakondwera tsiku limenelo, pakuti munthu amene mwana wake ali kudziko lachilendo sangakane kumva kuti abwera posachedwa. Ngakhale Yeremiya mwini anayamba wanena kuti Amen, kusonyeza kuti nayenso ankalakalaka zitakhala choncho, koma anadziwa kuti kulakalaka kwa mtima si mawu a Mulungu. Hananiya anamwalira chaka chomwecho, patangopita miyezi iwiri, ndipo akapolo aja anakhalabe ku Babulo.

Kalata imene Yeremiya analembera akapolowo, mmene muli vesi lija, inali yolemera kuilandira. Anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatitsa ana awo, ndiponso kuti apempherere mtendere wa mzinda umene unawagwira ukapolo. Munthu wamkulu amene anamva kalatayi ikuwerengedwa anazindikira kuti manda ake adzakhala ku Babulo, ndi kuti amene adzaone Yerusalemu ndi adzukulu ake. Pamenepa m'pamene ndimaona chimene kupirira kwa mkhristu kuli. Ambiri timaganiza kuti wopirira ndi amene wakhala pansi kudikira kuti vuto lidutse kuti ayambirenso moyo, koma Mulungu anauza anthuwa kuti akhale ndi moyo m'kati mwa vuto lomwelo. Wodwala matenda osachiritsika amene akuphunzitsabe ana ake kupemphera, kapena wamasiye amene wadzuka m'mawa kukagwira ntchito mtima ukuwawa, akumvera kalata imeneyi, ngakhale palibe amene angamuitane kuti akachitire umboni kutsogolo kwa mpingo.

Yeremiya sanangolamula ena. M'chaka cha khumi cha mfumu Zedekiya, asilikali a Babulo atazinga Yerusalemu ndipo iye ali wotsekeredwa m'bwalo la alonda, anagula munda wa msuweni wake Hanameli ku Anatoti ndi masekeli 17 a siliva. Anasaina makalata pamaso pa mboni, napereka kwa mlembi wake Baruki kuti awasunge mu mtsuko wadothi kuti akhale nthawi yaitali. Kwa aliyense woona, kumeneku kunali kutaya chuma, popeza dziko linali litatsala pang'ono kugwa m'manja mwa adani. Chimene chimanditonthoza kwambiri n'chakuti atangomaliza kugula, anapemphera pemphero lalitali limene likuthera m'kudabwa: mzinda ukuperekedwa kwa Ababulo, nanga Inu Ambuye mwandiuziranji kuti ndigule munda? Anayamba wamvera, mafunso n'kubwera pambuyo, ndipo Mulungu sanamukalipire chifukwa cha mafunsowo.

N'chifukwa chake ndimakhumudwa ndikamva wovutika akuuzidwa kuti kulira kwake n'chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa, kapena kuti akadapemphera mokwanira bwenzi zitatheka kale. Mu Salimo 13 Davide akufunsa kanayi konse kuti mpaka liti, ndipo Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, koma yankho linali lakuti chisomo chikumukwanira. Amene amalonjeza odwala ndi osauka tsiku limene mavuto awo adzathe akuchita ntchito ya Hananiya, ndipo tsikulo likadutsa popanda kusintha, wovutikayo amatsala ndi katundu wachiwiri, woganiza kuti Mulungu wamunamiza kapena wamutaya.

Yerusalemu anagwa, Kachisi anatenthedwa, ndipo Yeremiya anatengedwa mokakamizidwa kupita ku Igupto ndi Ayuda amene anakana kumvera uphungu wake. Babulo anagonjetsedwa ndi Koresi mfumu ya Perisiya m'chaka cha 539 Khristu asanabadwe, ndipo pambuyo pake Ayuda analoledwa kubwerera kukamanganso Nyumba ya Mulungu. Buku la Ezara, powerenga mayina a obwererawo mudzi ndi mudzi, likutchulanso amuna 128 a ku Anatoti.