A malume analankhula kuchokera pachulu

Poti ena mwayamba kale kunditchula "Wapachulu" pa gulu lathu la WhatsApp, lekani ndifotokoze ndekha musanathire mchere wina. Inde, ndinakwera pachulu anthu ali pamaliro. Inde, ndinagwada pamwamba pake foni ili m'mwamba ngati ndikupereka nsembe ya mvula. Koma kwathu ku Dedza netiweki imagwira pamenepo basi, ngakhale mbuzi zikudziwa.

Maganizowo sanali anga. Akuluakulu anati thupi la agogo silingatuluke m'nyumba ya siwa mwini mbumba asanalankhule, ndipo mwini mbumba ndi a malume, omwe ali ku Johannesburg. Maso onse anatembenukira kwa ine, mwana wa ku Lilongwe. Ndinagula bandulo, n'kubwereka sipika kwa mnyamata wometa tsitsi pamsika.

Nditangoyatsa sipika, mayi uja amakhala m'kati mwake anayankhula Chingerezi mokuwa. Amayi a Chigwirizano anadula nyimbo pakati. Gogo wina anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti walowa ndani osaodira.

Kenaka nkhope ya a malume inatulukira pa foni, n'kuuma pomwepo. Kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotsinzina, chala chili m'mwamba. A mfumu anavula chipewa n'kudikira. Adzukulu anatsamira makasu awo n'kudikira. Mbuzi inadutsa, inabwerera, inadutsanso, a malume akadali yasa. Ine thukuta kamukamu, linthumbu likundikwera m'buluku, koma sindikanatha kusuntha, poti ukasuntha phazi limodzi pachulu paja netiweki imapita ku Mozambique. Mkulu wa mpingo anayandikira, anayang'anitsitsa foni, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Asiyeni, chisoni chawatsekereza pakhosi." Amayi atamva zimenezo anayambiranso kulira, ulendo uno kulirira a malume. Ena mpaka anagubuduzika. Sindinaonepo netiweki yoipa ikulemekezedwa chotere.

Mawu anabwera mwadzidzidzi, omveka bwino kuposa wailesi.

"Iwe, ukundimva? Usanandipatse anthuwo, tamvera. Chipepeso ndatumiza pa foni yako. Usayerekeze kuwapatsa a mfumu, ulendo watha uja zinathera ku kachasu."

Ndinafuna kutsitsa mawu, chala n'kukweza. Choncho mbali yonena za nduna ya a mfumu ndi mbuzi yosowa ija inamveka mpaka kumanda. A mfumu anavala chipewa chawo pang'onopang'ono, ndi manja awiri.

Apa ndiye pamene muyenera kundimvetsa. Ndinawalembera a malume uthenga m'mawa kuti adzakhala pa sipika. Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu, umboni ndili nawo. Komanso ndi ndani amene amayamba ndi miseche pa foni ya maliro, osayamba n'kupepesa? Pamaso pa anthu sakanatero. Akanakhala pamkeka, akanaomba m'manja n'kuyamba ndi "zikomo a mfumu" monga amachitira aliyense.

Maliro tinaika bwinobwino. Mawa lake bwalo linagamula kuti mawu anatuluka m'manja mwanga, ndiye nkhuku ndilipire ndine. Ndinalipira tambala woyera. A malume akuti abweza ndalama yake mwezi ukatha, koma sananene mwezi uti. Sipika ija nayo mwini wake akuti ikulira mosasa.