Gwape wa ku Indiana ndi uta wa mapaundi 70

Anyamata a ku South Bend, ku Indiana m'dziko la America, kavidiyo kondionetsa ndikulephera kulasa gwape mukutumizirana pa WhatsApp kaja kakuyambira pakati. Kamera ya mwini munda imadzuka pokhapokha chinthu chikadutsa, ndiye sinajambule mmene ndinakhalira phee pansanja pamwamba pa mtengo, lamba wachitetezo ali m'thupi, uta nditaukweza ndi chingwe, mphepo ikundiomba kumaso kuti fungo langa lisafike kwa nyama. Zimenezo palibe akuzitchula.

Lamulo la Indiana limati uta wosakira gwape usachepere mapaundi 35 pokoka. Wanga unali pa 70, ndipo m'shopu yogulitsa mauta muja, motentha, nditavala tisheti, ndinkaukoka ndikucheza. Uta wa compound uli ndi mawilo kunsonga zake. Umalemera kwambiri pakati pokoka, ukangodutsa pamenepo umapepuka ndi pafupifupi 80 peresenti, n'kumaloza mwamtendere. Nkhani yonse ili podutsa pakatipo. Wogulitsa sananene kuti mu Novembala, utakhala chikhalire kuyambira m'bandakucha, majekete awiri ali pathupi, minofu ya kumsana imapita kutchuthi.

Gwape wamkazi anatulukira pa mayadi 20, ndendende pa pini yanga yoyamba (mapini ndi tizitsulo tolozera pauta), nthiti atandipatsa. Ndinakola release, kachipangizo kokokera ndi kumasulira nsinga, pa D-loop, kachingwe kopinda komangidwa pansingapo, n'kuyamba kukoka. Nsinga inafika pachigongono n'kukana. Ndinawonjezera mphamvu, osatheka. Ndinalozetsa uta kumwamba, zomwe aphunzitsi amaletsa chifukwa muvi ukapulumuka umapita kosadziwika, ndipo m'pamene panamveka phokoso lija. Ena mukuti linachokera kumunsi. Amwene, unali mpando. Mipando yachitsulo imalira kukazizira, funsani aliyense.

Nsinga yokoka theka suitaya, umaibweza pang'onopang'ono, koma mawilo aja amaikoka mwamphamvu pobwerera. Inandigwedeza, muvi unachoka pansinga n'kutsika wokha, ukumenya masitepe a makwerero limodzilimodzi: ngwe, ngwe, ngwe. Unakazikika m'dothi chilili, nthenga zili m'mwamba.

Gwape wanzeru akanathawa. Ameneyu anaponda pansi ndi mwendo wakutsogolo, n'kubwera. Ananunkhiza muvi wanga kuyambira kunthenga mpaka pansi, mosafulumira, ngati mayi wosankha usipa pamsika amene watsimikiza kale kuti sagula. Kenako anakweza mutu n'kundiyang'ana. Ine ndinamuyang'ananso. Ankatafuna. Anasiya kutafuna, n'kuyambiranso. Mivi ina inali pauta pomwepo, koma ndikanaikoka ndi phewa la ndani? Tinakhala choncho mpaka ndinayamba kuganiza zomupatsa moni. Pomaliza anafwenthera, n'kuimika mchira wake woyera uja, n'kuchoka choyenda. Kuthamanga anaona kuti n'kuwononga mphamvu.

Amene mukufuna kuyamba chaka chamawa, nyengo ya uta imatsegulidwa pa 1 Okutobala, koma uta muuyese kudakali chilimwe. Khalani pampando, mapazi muwanyamule, mukoke molunjika osakweza uta kumwamba. Mukalephera ndiye kuti wakulemerani. Masulani mabawuti awiri a manja a uta ndi kasipanala ka Allen key, onse mofanana; kuzunguza kamodzi kumachotsa mapaundi awiri kapena atatu malinga ndi uta, ndipo musapitirire malire olembedwa m'kabuku kake. Mukatsitsa, mapini muwakonzenso chifukwa muvi uyamba kugwera m'munsi. Muyesere mutavala majekete omwewo, mutakhala pansi, ndiponso ndi mitu yakuthwa ya broadhead, poti siuluka ngati mitu yophunzirira. Ikaninso whisker biscuit, kachogwirira ka ubweya kozungulira muvi, kuti usamagwe wokha. Wanga tsopano uli pa 55, ndipo ameneyo amaboola nthiti za gwape bwinobwino.

Za kanyenya wa Loweruka uja, ine sindinanenepo kuti ndi gwape. Ndinangoti nyama. Amene munkayamikira kuti ikununkhira tchire mufunsane nokha.