Dzuwa likapendeka, agogo amafuna kupita kwawo

Agogo anga ali ndi matenda oiwalaiwala a dementia. M'mawa timacheza bwinobwino, koma dzuwa likapendeka amayamba kulongedza zovala, ati akupita kwawo, chonsecho ali m'nyumba mwawo momwe. Anamwino amalidziwa vutoli: kutopa ndi kuchepa kwa kuwala kumawonjezera kusokonezeka kwa mutu.

Kutsutsana nawo n'kudzivuta chabe. Ndimayatsa magetsi kusanade, n'kuzimitsa wailesi, kenako ndimawafunsa kuti, “Agogo, kwanuko kuli ndani?” Akayamba kusimba za amayi awo, chikwama chija amachisiya okha.

Chimene chimandiopsa ndi kusintha kwadzidzidzi. Matendawa nthawi zambiri amakula pang'onopang'ono, choncho wodwala akabalalika kwambiri tsiku limodzi lokha, pamakhala chifukwa china: matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena mankhwala atsopano. Zikatero, ulendo wa kuchipatala basi.

Bungwe loona za umoyo la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi dementia, ndipo 70 peresenti ya maola owasamalira imagwera akazi. Azichimwene anga chiwerengerochi ndinawatumizira dala, tsopano Loweruka ndi lawo.