Kompyuta ikakana kuyaka malaiti atapita: m'mene ndimaikonzera popanda kufomata

Kuno ku Lusaka malaiti akapita kompyuta ili pakati pa ntchito, nthawi zambiri imayakanso bwinobwino. Koma limafika tsiku limene imakana. Mukadina batani pamangoti zii, kapena imayaka n'kuima pa chizindikiro cha kampani, kapena imangozungulira pa mawu akuti "Preparing Automatic Repair". Zikatere ambiri amathamangira kukafomatitsa m'tauni, kutanthauza kufufuta zonse n'kuika Windows yatsopano. Ine sindivomereza zimenezo, chifukwa kawirikawiri mafayilo amakhala akadali m'disiki osakhudzidwa, ndipo chawonongeka ndi kachinthu kochepa kamene kamatsegulira Windows njira.

Gwero la vutoli lili pawiri. Windows silemba zonse pa disiki nthawi yomweyo. Zina imayamba yazisunga mu RAM, malo osungira zinthu mwakanthawi kompyuta ikamagwira ntchito, ndipo magetsi akaduka RAM imaiwala zonse. Fayilo imene inali mkati molembedwa imatsala theka. Ikakhala fayilo ya registry (kaundula wa masetingi a Windows), kapena update imene inali kulowa, Windows imalephera kudzuka. Gwero lachiwiri ndi kubwerera kwa magetsi, kumene nthawi zina kumabwera ndi mphamvu yopitirira n'kupweteka chaja kapena power supply, kabokosi kamene kamagawa magetsi m'kati mwa kompyuta. N'chifukwa chake ndimayambira kukhoma, kenako m'bokosi, disiki, ndipo Windows imakhala yomaliza.

Ndimazula chingwe kukhoma ndi zonse zolumikizidwa: fulashi, pulinta, modemu, disiki yakunja. Fulashi yoiwalidwa pa USB payokha imatha kubweretsa mawu akuti palibe poyambira. Kenako ndimadina batani loyatsira kwa masekondi 30 makina ali osalumikiza, kuti mphamvu yotsalira pa bodi yaikulu ya m'kati mwa makina ithe. Power supply ikamva kudumpha kwa magetsi imadzitseka yokha podziteteza, ndipo siyakanso mpaka itazulidwa kotheratu. Pa laputopu ndimachotsa chaja, ndi batire ngati ndi lochotseka, n'kuchita chimodzimodzi. Pobwezera ndimalumikiza pa soketi ya kukhoma mwachindunji, kusiya ekistenshoni, chifukwa fyuzi ya m'pulagi ya mano atatu kapena ekistenshoni yeniyeniyo ndi imene ingakhale itapsa. Ndimayesa soketiyo ndi chaja ya foni.

Pa makompyuta akale ogwiritsidwapo ntchito kunja, yang'anani kumbuyo ngati pali kaswichi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi a ku Zambia ndi 230V. Kakakhala pa 115 n'kulumikiza, power supply imapsa pompo, ndiye musakagwire poyesa mwayi.

Ngati palibe nyali kapena fani yozungulira, ndimakayikira power supply. Ya mtundu wa ATX imayesedwa payokha: ndimachotsa cholumikizira cha mapini 24 pa bodi, n'kulumikiza waya wobiriwira ndi wakuda uliwonse pogwiritsa ntchito kawaya, kenako n'kuyatsa. Fani yake ikapanda kuzungulira ngakhale pang'ono, mwina yafa. Makina ambiri a m'maofesi a Dell, HP ndi Lenovo ali ndi zolumikizira zawozawo, choncho kuyesa kumeneku sikuwakhudza. Pamenepo n'kubwereka power supply yofanana. Bokosi la power supply lenilenilo sinditsegula, ndipo inunso musatsegule. Mkati mwake mumakhala ma capacitor amene amasunga mphamvu ngakhale chingwe chitazulidwa.

Fani ikamazungulira koma sikilini ili bii, kapena makina akulira bipu-bipu, ndimapita pa RAM. Ndimazula chingwe, kugwira chitsulo cha bokosi kuti ndichotse magetsi a m'thupi, n'kutulutsa RAM yonse. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limadzaza m'mipata imeneyi, ndiye ndimapukuta mano ake ndi labala ya pensulo n'kubwezera imodzi yokha mpaka timakutu ta m'mbali titatseka. Ikakana, ndimayesa inayo, kapena mpata wina. Kuchuluka kwa kulira ndi kuphethira kwa nyali kuli ndi tanthauzo, koma kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake, choncho ndimawerenga n'kukafufuza pa foni ndi dzina la makinawo.

Sikilini ikayaka, ndimalowa mu BIOS, masetingi a makina amene amatseguka Windows isanayambe, ndisanayese china chilichonse. Batani lodina makina akangoyaka pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10, pa ThinkPad ndi ThinkCentre ndi F1, ndipo pa makompyuta ambiri omangidwa pamanja ndi Delete. Choyamba ndimaona deti. Likabwerera zaka zambiri m'mbuyo, kabatire ka pa bodi katha. Ndi kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, ka 3V, ndipo kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi m'mashopu a zamagetsi. Kabatire kameneka anthu amakapeputsa. Kompyuta ikakhala pa magetsi nthawi zonse, kufooka kwake sikuoneka, koma malaiti akapita maola ambiri BIOS imaiwala zimene inaikidwa n'kubwerera mwakale. Ikhoza kusintha SATA, setingi ya mmene makina amalankhulira ndi disiki, kuchoka pa AHCI kupita pa RAID, kapena kusintha kayambidwe ka makina kuchoka pa UEFI (njira yatsopano) kupita pa Legacy (njira yakale). Windows imene inaikidwa pa AHCI ikakumana ndi RAID imaonetsa sikilini yabuluu ya INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, pamene disiki ilibe vuto. Ndimasintha chinthu chimodzi, kusunga, kuyesa. Chikakana ndimachibwezera ndisanagwire china. Ndimaonetsetsanso kuti Windows Boot Manager ili pamwamba pa mndandanda wa poyambira.

M'menemo ndimaonanso ngati disiki ikutchulidwa ndi dzina ndi kukula kwake. Ikasowa, ndimazimitsa n'kulimbitsa zingwe zake ziwiri, kapena kuchotsa ndi kubwezera ya M.2, disiki yaing'ono yolowa pa bodi popanda zingwe. SSD (disiki yopanda mbale yozungulira) imene yasowa chifukwa cha kuduka kwa magetsi nthawi zina imabwerera mukaisiya ili pa magetsi mu BIOS kwa mphindi 30, kuizula masekondi 30, n'kubwerezanso kamodzi. Koma disiki yozungulira ikamamveka kuti kwa-kwa-kwa mobwereza, ndimazimitsa nthawi yomweyo. Mutu wowerengera ukulephera, ndipo kuyatsa kulikonse kumawonjezera kukanda mbale. Imeneyo ndi ya akatswiri opulumutsa mafayilo, osati ya chkdsk, lamulo la Windows lokonzera disiki.

Disiki ikaoneka, tsopano ndi nkhani ya Windows. Ikalemba kuti "Scanning and repairing drive" kapena ikumaliza update, ndimaipatsa ola lathunthu, makamaka ngati nyali ya disiki ikuphethira. Kuizimitsanso mopupuluma ndi kumene kumasandutsa vuto laling'ono kukhala lalikulu. Ikakhala kuti siyenda, ndimafuna sikilini yokonzera: ndimayatsa, timadontho tikayamba kuzungulira ndimadina batani mpaka izime, kawiri kapena katatu, ndipo ulendo wotsatira imalowa yokha. Ikakana, pamafunika fulashi ya 8GB yokonzedwa pa kompyuta ina ndi Media Creation Tool ya Microsoft. Chida chimenechi chimafufuta zonse za m'fulashi ndipo chimadya bando, ndiye ndi bwino kuikonzeratu pa Wi-Fi. Ndimayambitsa makina pa fulashiyo ndi F12 pa Dell ndi Lenovo, F9 pa HP, n'kusankha "Repair your computer", osati kuika Windows yatsopano.

Apa laputopu zambiri zatsopano zimafunsa kiyi ya manambala 48 ya BitLocker, loko ya Windows yotsekera mafayilo a m'disiki. Imakhala mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake, kapena kwa a IT ngati makinawo ndi a kuntchito. Popanda kiyiyo palibe wokonza aliyense angatsegule mafayilowo.

Ndisanakonze kalikonse ndimatulutsa mafayilo. Ndimalowa Troubleshoot, Advanced options, Command Prompt, n'kulemba notepad. Ikatseguka ndimapita pa File, Open, n'kusintha kuti ionetse All Files. Kawindo kameneko kamalola kukopera foda ya Users n'kuiika pa disiki yakunja. Sikaonetsa kuti ntchito yafika pati ndipo kamaoneka ngati kauma, koma kamakhala kakukopera. Ndimayang'ana nyali ya disiki yakunjayo. Mabuku a bizinesi, ntchito ya kusukulu ndi zithunzi za ukwati zikatuluka, m'pamene ndimakhala ndi ufulu woyesa zotsatirazi.

Startup Repair ndimaiyesa kamodzi. Ikalephera, kuibwereza kasanu sikuthandiza. Ngati malaiti anapita update ili mkati, Uninstall Updates ndi njira yachidule, kuyambira ndi quality update. System Restore nayo imabwezeretsa registry osakhudza zikalata zanu, bola panali malo obwererako osungidwa kale.

Zikakanika ndimabwerera ku Command Prompt. Malo amene ambiri amasokonezekera ndi awa: muno Windows siikhala pa C: nthawi zonse. Ndimalemba diskpart, kenako list volume, n'kuona chigawo chachikulu cha NTFS ndi chilembo chake, kenako exit. Ndimatsimikiza polemba dir D:\ kuti ndione foda ya Windows ndi ya Users. Tinene kuti ndi D. Ndimalemba:

chkdsk D: /f

Lamulo limeneli limakonza kaundula wa mafayilo, ndipo ndilo mankhwala a UNMOUNTABLE_BOOT_VOLUME nthawi zambiri. Lina lokhala ndi /r m'malo mwa /f limawerenga disiki yonse kufunafuna malo owola, ndipo pa disiki yozungulira ya 1TB limatenga maola ambiri. Sindiliyamba ngati nthawi yothima malaiti m'dera lathu yayandikira, pokhapokha pali invata kapena batire la laputopu ndi lodalirika, chifukwa chkdsk ikadulidwa pakati imasiya chisokonezo choposa chimene inachipeza. Ikamaliza ndimaonjezera ili, lokonza mafayilo a Windows yeniyeniyo:

sfc /scannow /offbootdir=D:\ /offwindir=D:\Windows

Sikilini ikaonetsa 0xc000000f kapena 0xc0000225, kawirikawiri chawonongeka ndi BCD, fayilo youza makina kumene kuli Windows. Malangizo akale amati bootrec /fixboot, koma pa makina a UEFI lamuloli limakonda kuyankha "Access is denied", choncho sinditaya nalo nthawi. Ndimalowanso mu diskpart, list volume, n'kufuna kachigawo kakang'ono ka FAT32, kamene nthawi zambiri kamakhala pakati pa 100MB ndi 500MB. Samalani kuti musasokoneze kachigawoka ndi fulashi yanu, imenenso ndi FAT32 koma yaikulu. Ndimalemba select volume ndi nambala yake, assign letter=S, exit, kenako:

bcdboot D:\Windows /s S: /f UEFI

Ikayankha kuti mafayilo apangidwa bwino, ndimachotsa fulashi n'kuyatsanso. Pa makina akale a Legacy ndi pamene bootrec /fixmbr ndi bootrec /rebuildbcd zimagwira ntchito. Mu diskpart muli malamulo awiri amene sindilemba konse pa ntchitoyi, clean ndi format, chifukwa clean imafufuta zigawo zonse za disiki popanda kufunsa.

Kompyuta ikadzuka ndimatsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba powercfg /h off. Lamuloli limazimitsa Fast Startup, imene imasunga mbali ya Windows mu fayilo ya hiberfil.sys pozimitsa. Fayiloyo ikalembedwa theka, makina amatha kuvutika podzuka. Limachotsanso Hibernate, ndiye pa laputopu ganizirani kaye ngati mumaigwiritsa ntchito. Kenako ndimaona thanzi la disiki ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Ikalemba "Caution" ndi utoto wachikasu, disikiyo ndimaisintha ngakhale ikuoneka ngati ikuyenda.

Pa desikitopu ndimaikapo UPS, bokosi la batire limene limapatsa kompyuta magetsi malaiti akaduka. Ya 650VA siyogwirira ntchito malaiti atapita. Imangopereka mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino. Batire lake la 12V limafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, msanga kwambiri kumene magetsi amathima tsiku ndi tsiku, choncho ndimaiyesa pozula chingwe chake kukhoma kompyuta ili yoyaka koma yopanda ntchito yotsegula. Mu BIOS, pa "AC Recovery" kapena "After Power Loss" ndimaika Off, kuti malaiti akabwera n'kupitanso kawiri m'mphindi imodzi makina asamadziyatse okha.