Zikomo inu amene munatiunikira ku Ndirande

Tikuthokoza nonse amene munabwera kudzaonera nthabwala zathu ku Ndirande Loweruka lapitali, makamaka inu amene simunatuluke magetsi atathima. Sewero lili pakati, maikolofoni anangoti zii. Achinyamata a kumbuyo munayatsa matochi a m'mafoni n'kuunikira pa siteji, holo yonse n'kutengera pomwepo.

Chimwalirireni John Nyanga mu 2016 ndi Eric Mabedi mu 2021, aja tinkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, ena amati Amalawi anasiya kulipira pakhomo kuti akaseke. Amene amanena zimenezi akanabwera adzaone okha.

Bambo a kabaza amene munathamangira jenereta kwa m'bale wanu wometa tsitsi, sitinakufunseni n'komwe dzina. Ndalama ya mafuta munakana, munati tidzangokusungirani mpando wakutsogolo. Tausunga.

Amayi ogulitsa mandasi pakhomo paja, zikomo potola chikwama cha mnzathu wojambula makatuni. Munali zojambula zake zapamanja, za pensulo ndi inki, zomwe anali asanazijambule n'komwe pa foni. Akufuna adzakuthokozeni pamaso, ndiye mukaona uthengawu mutipeze pa holo pomwe paja Lachitatu masana.