Rauta ya Pamwamba pa Kabati

Intaneti ya pakhomo pathu inayamba khalidwe lachilendo. Masana onse inkayenda bwinobwino, koma dzuwa likangolowa, aliyense atakhala pansi foni ili m'manja, inkangoti zii. Timizere ta Wi-Fi pafoni tinkakhala todzaza tonse, kungoti pambali pake pankatuluka kachizindikiro kofuulira, foni n'kulemba kuti yalumikizika koma intaneti palibe. Uthenga wa pa WhatsApp unkangokhala ndi kawotchi kaja, osachoka.

Mayi a Tadala anandiyang'ana. Tadala naye anandiyang'ana. Ngakhale kamng'ono kake, komwe kuwerenga sikanayambe n'komwe, kanabwera kudzandiimirira kutsogolo katanyamula tabuleti, munthu wa m'katuni atauma pakamwa pali yasa. Zamagetsi pakhomo pano ndi dipatimenti yanga. Udindowu sindinachite kufunsira ayi, unangondigwera chaka china nditasintha mabatire a rimoti, TV n'kuyambanso kumvera.

"Musadandaule, ndi kavuto kakang'ono aka," ndinatero.

Rauta yathu, kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba, imakhala pamwamba pa kabati ya pabalaza. Ndinaikweza ndine, ndipo pa zimenezi ndaima nji mpaka lero. Wi-Fi ndi mafunde a wailesi, ndiye makoma, zitsulo, magalasi ngakhale madzi zimaifooketsa. Rauta yobisidwa pansi kuseri kwa TV imangolankhula yokha. Imafunika pamalo okwera, pakati pa nyumba. Kuipa kwa malo okwerawo n'kwakuti pofuna kuona nyali zake uyenera kukwera pampando.

Ndinakoka mpando wa patebulo, khwee pasimenti. Mphaka wathu anangotulukira kosadziwika, n'kudutsa pakati pa miyendo yanga, n'kukakhala pakona akundiyang'ana. Nditakwera ndinapeza nyali zonse zili biriwiri kupatula imodzi, ya kachithunzi ka dziko kaja, yomwe inali psuu. Ndinaikokera kwa ine rautayo, n'kuzula chingwe chamagetsi, n'kuyamba kuwerenga mpaka 30. Ndinkawerenga mokweza dala kuti am'nyumba amve kuti ntchito ili mkati. Njira imeneyi anthu amaiseka koma ili ndi nzeru, chifukwa rauta ndi kakompyuta kakang'ono, ndipo nako kamasokonezeka mutu n'kufuna kuyambiranso. Ndinalumikiza magetsi, n'kuikankhira kukhoma komwe inali. Nyali zinaphethira phethiphethi, kenako ya dziko ija inasanduka yobiriwira.

"Yabwera!" anakuwa Tadala.

Ndinatsika pampandopo pang'onopang'ono, osaonetsa kunyada kwambiri.

Mawa lake madzulo, zii. Mpando khwee, mphaka pakona, kuwerenga mpaka 30, kukankhira kukhoma, intaneti n'kubwera. Mkuja wake chimodzimodzi. Ulemu wanga unayamba kuchepa. Ana anasiya kuombera m'manja, n'kumangoti, "Adadi, mpando." Ndipo tsiku lina mayi a Tadala, maso ali pafoni, anafunsa ndi mawu ofatsa aja oopsa kuposa kukalipa:

"Bambo a Tadala, kodi mankhwala anuwa n'ngomwa tsiku lililonse mpaka imfa?"

Mawu amenewo anandilasa. Usiku womwewo ndinatsegula laputopu n'kulemba 192.168.1.1 pamalo olembapo adiresi. Nambalayi ndinaikopa pakapepala komatidwa kunsi kwa rauta, pomwenso panali dzina ndi pasiwedi yolowera, zonse ziwiri "admin". Rauta zina zimatsegukira pa 192.168.0.1, koma yanga inavomera pomwepo. Panatuluka tsamba lodzaza mawu achidule omwe palibe ndi limodzi lomwe linkatchulika pakamwa. Ndinaitana banja lonse kuti lidzaone kuti ndalowa mkati mwa rauta. Sanabwere munthu.

Maganizo anga oyamba anagwera pa aneba. Vutoli limabwera madzulo, ndipo madzulo ndi pomwe anthu onse abwerako kuntchito n'kuyamba kuonera mafilimu. Ukatsegula Wi-Fi pafoni pabalaza pathu, mayina a manetiweki a eni ake amachita kundandalikana mpaka pansi. Onsewo akulimbirana mpata pa mafunde a 2.4 GHz, pomwe matchanelo osapondana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11. Yanga inali pa "Auto". Ndinaichotsa n'kuiika pa 11, kutali ndi khamu. Patsamba lomwelo ndinaonanso mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa ku rauta yathu, ndipo zinali zambiri kuposa zomwe tili nazo m'nyumba. Ndinangoti mwina imawerenga kawirikawiri foni imodzi, n'kupitirira.

Madzulo otsatira, zii.

Ndinasamutsira banja lonse ku 5 GHz, komwe kuli phee ndiponso liwiro ndi lalikulu. Kumeneko vuto lake n'lakuti mafunde ake sachedwa kufooka akakumana ndi khoma. Pabalaza zinkathamanga zedi, koma kuchipinda kunalibe ngakhale kamzere kamodzi. Ndinapeza mayi a Tadala ataima m'kolido, dzanja lili m'mwamba ndi foni, akudikira uthenga wa achemwali awo. Sanayankhule. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso kumutu.

Ndinasinthanso DNS n'kuikapo ya Google, 8.8.8.8. Ndinawafotokozera bwinobwino kuti DNS ndi imene imatenga dzina la webusaiti n'kupeza nambala yake, ndipo ikafa, masamba satseguka ngakhale intaneti ilipo. Anamvetsera mpaka pamapeto.

"Ndiye yayamba?"

"Isanayambe."

Apa m'pamene ndinakumbukira kabowo. Kumbuyo kwa rauta iliyonse kuli kabowo kakang'ono kolembedwa "Reset", ndipo batani lake analibisa mkati mwenimweni moti chala sichingafike. Munthu woganiza bwino akhoza kudzifunsa chifukwa chake opanga anachita kulibisa chotero. Ine ndinangoona kuti batani lobisika ndiye lamphamvu. Loweruka m'mawa, intaneti ikugwira bwinobwino, ndinaganiza zothana nalo vutoli kuchokera kumizu.

Chotokosera m'mano chinathyokera pakhomo pa kabowo. Cholembera chinali chonenepa. Ndikuyendayenda m'nyumba ndinaona ndolo za mayi a Tadala pakatebulo ka kuchipinda, zija amavala pa zochitika zikuluzikulu zokha. Kawaya kake kanali saizi yeniyeni ya kabowoko, ngati anachita kupangira. Ndinabwereka imodzi. Ndinakwera pampando, n'kulowetsa, n'kudina kwa masekondi 10. Nyali zonse zinathima pamodzi n'kuyakanso. Potulutsa ndoloyo, kawaya kaja kanali katapindika, kakuloza kumbali. Ndinaiponya m'thumba la malaya kuti ndiiwongole pambuyo pake.

Kuzimitsa n'kuyatsanso rauta sikuchotsa kanthu. Koma kabowo kaja kamaiwalitsa rauta zonse, n'kuibwezera momwe inalili ikutuluka m'katoni. Dzina la netiweki yathu linasowa, m'malo mwake munabwera zilembo ndi manambala osakanikirana. Mafoni onse anadukako, TV inadukako, tabuleti inadukako, ndipo kamwana kaja kanayamba kulira kulira kwenikweni, kwa misozi.

Pasiwedi ya kufakitale inali pakapepala kakunsi kaja, yolembedwa ndi tizilembo toti nyerere ndiyo ingawerenge. Ine pampando, rauta nditaitembenuza chagada, tochi ya foni ili pakamwa, Tadala pansi akulemba.

"Kenako ziro."

"Ziro kapena O, adadi?"

"Ndi yozungulira basi."

"Zonse n'zozungulira."

"Lemba ziro. Kenako wani. Kapena ndi L wamng'ono. Dikira."

Titalimbana nayo mpaka khosi kuuma, foni inalumikizika. Timizere tonse todzaza. Intaneti palibe. Nthawi ili cha m'ma 10 m'mawa, dzuwa lili nye, nthawi yomwe vuto lathu silinkabwera n'komwe. Ndinachita zonse zija, kuwerenga mpaka 30, kukankhira kukhoma, koma nyali ya dziko inakana kusintha. Nditalowanso patsamba lija, rauta inandifunsa dzina ndi pasiwedi ya PPPoE. Zimenezi ndi zomwe kampani yogulitsa intaneti imazindikira nazo kuti laini iyi n'njayani, ndipo anazilemba mkatimo ndi mnyamata amene anadzalumikiza tsiku loyamba. Anatisiyiranso pepala. Pepalalo aliyense m'nyumba ankakumbukira kuti analiona, koma malo ake anali osiyanasiyana. Tinakhuthula madirowa onse. Tinapeza makiyi a loko yomwe tinataya kalekale, machaja a mafoni akufa, ndi buku la malangizo a ayironi.

Ndinagwira njakata. Ndinaimbira kukampani.

Kunayamba nyimbo, kenako mawu ojambulidwa onditsimikizira kuti foni yanga ndi yofunika kwambiri kwa iwo, kenako nyimbo yomwe ija. Khutu litatentha, kunayankha mayi wina wa mawu odekha.

"Bambo, mwayesa kuizimitsa n'kuiyatsanso?"

Ndinameza malovu. Ndinawauza za matchanelo, za 5 GHz, za DNS, kuti adziwe kuti akulankhula ndi munthu wa m'gulu lawo lomwelo. Anandilola kumaliza.

"Nyali ya intaneti ikuoneka bwanji?"

"Yofiira."

"Nthawi zonse ikavuta imakhala yofiira?"

"Eya."

"Ndiye Wi-Fi yanu inalibe mlandu, bambo. Tinene kuti mipope ya m'nyumba mwanu ili bwinobwino, koma madzi sakulowa kuchokera kunja. Inu mwakhala mukusintha mipope ya m'bafa. Simunadine Reset, eti?"

Ndinakhala chete. Mphaka ankandiyang'ana ali pakona pake.

"Inadinika," ndinatero.

Ndinamva akupuma mozama, kenako kulira kwa kiyibodi. Atandifunsa mafunso otsimikizira kuti laini ndi yangadi, ananditumizira dzina ndi pasiwedi ija pa meseji. Ndinalemba. Nyali inabiriwira. Ndisanathokoze n'komwe, anapitiriza:

"Kuno kukuonetsa kuti laini yanu imaduka madzulo aliwonse, nthawi yake pafupifupi yomweyomweyo, n'kubwerera pakapita mphindi zingapo. Tagwirani chingwe cholowa pabowo lolembedwa WAN. Muchitulutse n'kuchilowetsanso. Chikuyenera kulira kuti 'tcha'."

Ndinachikoka, chinangotuluka chokha osalimba n'komwe. Ndinachilowetsa, osalira. Nditachiyang'anitsitsa kumutu kwake, kapulasitiki kakang'ono kaja komwe kamakola kuti chingwe chisatuluke kanali katathyoka, patangotsala kachitsa. Chingwe chotere chimaoneka cholowa bwinobwino, koma chikangosuntha pang'ono pokha, timawaya ta mkuwa ta mkatimo timasiyana. Ndipo munthu akaikankhira rautayo kukhoma, chimalowanso.

"Mugule china," anatero mayiwo. "Koma pali chimene chimachigwedeza madzulo."

"Kumeneko safikako munthu, mayi. Ndi pamwamba pa kabati."

"Chabwino, bambo. Pali china chomwe ndingakuthandizeni?"

Madzulo a tsiku limenelo sindinagwire foni. Ndinakhala pasofa maso ali pakabati, ndipo ndinaletsa aliyense kukoka mpando. Kunja kutayamba kachisisira, kamphepo kozizira kakulowa pawindo, mphaka uja anadzuka pakona, n'kudziwongola. Anadumphira pamsana pa sofa, kuchoka apo pawindo, kuchoka pawindo pamwamba pa kabati, osagwetsa kanthu ngakhale kamodzi. Zinkachita kuonekeratu kuti njirayi ndi yakale. Ananunkhiza rauta, yomwe imakhala yofunda bwino usana ndi usiku, anazungulira pamwamba pake, n'kugona atatseka timabowo tonse totulukira mpweya. Kenako anatambasula mwendo wakumbuyo, mwaulesi, mpaka unakatsamira pachingwe.

"Yathawanso!" anakuwa Tadala kuchipinda.

Ndinafuna kumugwira ali pomwepo, umboni uli poyera. Mpando sindinaukoke, ndinachita kuunyamula kuti asamve. Ndinauika mothamanga osaona kuti mwendo wake umodzi wapondera pa silipasi. Nditakwera n'kutambasula manja onse awiri, mpando unapendekeka. Ndinagwira chomwe chinali pafupi, ndipo chomwe chinali pafupi inali eriyo ya rauta. Mphaka anadumphira pamutu panga, n'kutsikira kumsana ndi zikhadabo zonse, ine n'kumutsatira pansi, phi! Rauta inatsala ikulendewera pachingwe chamagetsi, ikuzungulira pang'onopang'ono, eriyo imodzi ili m'manja mwanga.

Banja lonse linathamangira pabalaza. Ndili chigonere chagada ndinamva kanthu kakugubuduka pasimenti, ngwii, n'kukaima pafupi ndi phazi la mayi a Tadala. Anawerama, n'kutola, n'kukayang'ana pakuwala. Ndinkayembekezera kuti andifunsa ngati ndavulala.

"Bambo a Tadala, ndolo yangayi yapindikira kuti?"

Ndinaloza mphaka. Anali pakona, akunyambita dzanja.

Chingwe chatsopano chinalira "tcha" momveka bwino. Rauta ikugwirabe ndi eriyo yotsalayo, kungoti kuchipinda chakumapeto timizere timasowa. Pamwamba pa kabati ndinatchingapo ndi makatoni mbali ya kuwindo, ndipo mphakayo tsopano amagona pa laputopu yanga. Popeza zonse zinali zitafufutika, ndinaipatsa netiweki dzina latsopano, n'kuika chitetezo cha WPA2 ndi pasiwedi yaitali yopanda ziro, yopanda O, yopanda wani. Pasiwedi yolowera patsamba lija nayonso ndinaichotsa pa "admin". Mndandanda wa zipangizo uja unafupika zedi, koma ndinalibe nthawi yoganizira zimenezo chifukwa msana unkawawa.

Usiku womwewo kunamveka odi. Anali aneba athu a khomo loyang'anizana nalo, munthu waulemu wake, tambale ya foni ili m'manja. Tadala atangomva mawu awo anadzuka mwakachetechete n'kukadzitsekera kuchipinda.

"Achimwene, pepani ndakusokonezani usiku uno. Kodi netiweki ija mwaipititsa kuti? Kwathu sikuonekanso, ndiye mwana ali ndi homuweki yoti atumize mawa."

Ndinangoti kukamwa yasa, dzanja lili pamsana.

"Komanso poti takumana," anapitiriza, "muwauzeko akampaniwo. Masiku apitawa madzulo imavutavuta kwambiri. Ife tinangopirira poona kuti inu simukudandaula."